Nyumba Isanapite pa Chikole, Tikhale Pansi Kaye

Mawu a komiti yoona za ngongole pa mwambo wokumbukira kubadwa kwa mgwirizano wathu



Lero ndi tsiku lovina, ndipo tivina ndithu. Koma ng'oma isanalire, ife a komiti yoona za ngongole tabwera ndi nkhani imodzi imene yatisowetsa tulo chaka chino. Ndi nkhani ya nyumba zathu.

Mukamafunsa amayi kuti banki mkhonde, chilimba, mukando, xitique kapena stokvel inawachitira chiyani, yankho limene limabwera kawirikawiri ndi nyumba. Chaka china njerwa, chaka china malata, chaka china simenti ya pansi, mpaka tsiku lolowa. Koma ife amene tinayamba tili ndi ana kumbuyo, lero tili ndi zidzukulu pamiyendo. Mawondo ayamba kudandaula, ndipo ulendo wa basi wokapikula katundu ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam sitikuuthanso monga kale. Ndalama ya m'manja ikuchepa, pamene nyumba ili chiimire. Obwereketsa ndalama amaziona zimenezi msanga kuposa ife eni ake.

Nkhaniyi inatipeza pa foni. Mayi wina amene anali nafe kuyambira pachiyambi anasamukira ku America kalekale, komwe amagwira ntchito yosamalira okalamba, koma masheya awo amaponyabe ku gulu la kwawo. Iwo ali ndi zaka 59, amuna awo 68, ndipo ngongole ya nyumba yawo ya kumeneko inali itatsala pang'ono kutha. Anatiimbira ali okondwa kuti apeza njira yomalizira nyumba imene akumanga kumudzi. Pa TV anaona kuti kuli ngongole ya anthu achikulire imene munthu sabweza mwezi ndi mwezi. Kumeneko amaitcha reverse mortgage. Ife tinangoipatsa dzina loti ngongole yotembenuka, ndipo mumva chifukwa chake.

Ngongole ya nyumba imene tonse timaidziwa imayenda chonchi: banki ikupatsa ndalama, iwe n'kumabweza mwezi uliwonse, ngongole n'kumachepa, gawo lako pa nyumbayo n'kumakula. Iyi imayenda motembenuka. Mwini nyumba amene wakwanitsa zaka 62 amaika nyumba yake pa chikole, ndipo kampani imamupatsa ndalama, kaya zambiri nthawi imodzi, kaya mwezi ndi mwezi, kaya kumatapa akafuna. Sabweza kanthu pamene akukhala m'nyumbamo. Chiwongoladzanja chimangounjikana pamwamba pa ngongole, china n'kumabereka chinzake. Ngongole imakula, gawo la mwini limachepa. Tsiku limene mwini wamwalira, wagulitsa nyumba kapena wasamuka, ngongole yonse imafunika, ndipo kawirikawiri nyumbayo ndi imene imagulitsidwa kuti ibweze.

Tiwerengere limodzi, chifukwa ife ndi anthu a cholembera ndi kope. Tiyerekeze kuti munthu watenga madola 100,000 pa chiwongoladzanja cha 7 pa 100 iliyonse pa chaka, osabwezako kalikonse. Pakatha zaka 10 ngongoleyo ili pafupifupi madola 197,000. Pakatha zaka 20 yafika pafupifupi madola 387,000. Palibe amene waba. Ndi mmene chiwongoladzanja chosabwezedwa chimaberekera.

Sitikunena kuti ngongoleyi ndi yoipa kwa aliyense. Mtundu wake wofala umatchedwa HECM, ndipo boma la America limaikapo inshulansi kudzera mu nthambi yake yoona za nyumba, HUD, potsatira lamulo limene Pulezidenti Ronald Reagan anasaina mu 1988. Chifukwa cha inshulansiyo, ngongole ikakula kuposa mtengo wa nyumba, ana sakakamizidwa kulipira chotsalacho m'matumba mwawo, ndipo akafuna kuti nyumba isachoke pa banja angathe kuiwombola polipira 95 pa 100 iliyonse ya mtengo wake. Kwa gogo amene alibe ganizo losamuka, ndipo penshoni yake siikukwana, ingathe kukhala mpumulo weniweni.

Chimene chinatichititsa chidwi ndi ichi. Mayi athu aja atapita ku kampani, anauzidwa kuti palibe chimene chingayende mpaka atakaonana kaye ndi mlangizi. Ndi lamulo. Mlangiziyo sagwira ntchito ku kampani yobwereketsa, ndi wovomerezedwa ndi HUD, ndipo sapindula kanthu kaya munthu atenge ngongole kaya aikane. Kampani imapereka mndandanda wa mabungwe a alangizi, koma siloledwa kukusankhira woti ukaonane naye. Kukambiranako kumachitika pamaso kapena pa foni. Pali kandalama kolipira, koma wosowa sabwezedwa pakhomo chifukwa cha kusowa kwake. Pomaliza mlangizi amapereka satifiketi imene imagwira ntchito masiku 180, ndipo popanda satifiketiyo kampani singapereke ngongole. Mlangizi akaona kuti munthu sanamvetse, sasaina. Amakonza tsiku lina loti akhalenso pansi.

Mayi aja anapita monyinyirika, akuona ngati akungowachedwetsa. Mlangizi anawafotokozera zimene pa TV sanazimve. Anawauza kuti ngakhale sabweza mwezi ndi mwezi, msonkho wa nyumba, inshulansi ya nyumba ndi kukonza zowonongeka zikhalabe pamutu pawo, ndipo akalephera, kampani ili ndi mphamvu yofuna ngongole yonse ndi kulanda nyumba iwo ali moyo. Anawawerengera ndalama zimene zimadulidwa pachiyambi pomwe. Inshulansi ya boma yokha ndi 2 pa 100 iliyonse ya mtengo wa nyumba, kutanthauza madola 4,000 pa nyumba ya madola 200,000, osawerengera za kampani ndi za mapepala. Anawauzanso kuti popeza iwo sanafike zaka 62, dzina lolembedwa pa ngongole likhala la amuna awo okha. Bambowo akatsogola, mayiwo angathe kukhalabe m'nyumbamo akamasunga malamulo onse, koma ndalama zija zisiya kubwera.

Kenako anawafunsa funso limene linatembenuza zonse: kodi mukufuna kukalambira m'nyumba ino? Iwo anayankha mosabisa kuti ayi, cholinga chawo n'kumakhala kumudzi nthawi yaitali, n'kumangobwera ku America kudzaona adzukulu. Mlangizi anawauza kuti ngongoleyi imafuna kuti nyumbayo ikhale pokhala pawo penipeni. Akachokapo kupitirira miyezi 6 pa zifukwa zosakhudza matenda, kapena akakhala m'chipatala kapena m'nyumba yosamalira okalamba kupitirira miyezi 12 yotsatizana, ngongole yonse ingathe kufunidwa. Ndiye kuti ngongole imene ankafuna kumalizira nayo nyumba ya kumudzi ikanawamangirira ku America, kapena ikanawadyera nyumbayo atangokwera ndege. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Sanaitenge. Anagwirizana ndi amuna awo kuti amalize ngongole yakale pang'onopang'ono, ndipo nthawi yobwerera kwawo ikadzakwana adzagulitsa okha nyumbayo pa mtengo wake wonse.

Tamverani, amayi: mlangizi uja sanawaletse. Anangowaonetsa njira yonse mpaka kumapeto kwake, iwo n'kusankha okha.

Koma tisaganize kuti lamuloli linabadwa lokwanira. Kwa zaka zambiri uphungu unalipo, komabe amayi amasiye ankataya nyumba. Ndalama zimene kampani imapereka zimatengera zaka za munthu: wamkulu amalandira zambiri. Choncho mabanja ena ankalimbikitsidwa kuchotsa dzina la mkazi, amene nthawi zambiri ndiye wamng'ono, kuti alandire zochuluka. Bambo akamwalira, mayi ankalandira kalata yoti abweze ngongole yonse kapena atuluke, misozi ya maliro isanaume. Mu 2011 bungwe la anthu achikulire la AARP linathandiza amasiye ena kusumira HUD ku khoti, ndipo kuyambira pa 4 Ogasiti 2014 malamulo anasintha kuti mkazi kapena mwamuna amene dzina lake silili pa ngongole atetezedwe. Lero nayenso amayenera kukhalapo pa uphungu uja. Phunziro lake n'lakuti kulangiza munthu mmodzi pamene m'nyumba mumagona awiri ndi ntchito yosatha.

Amayi athu a ku Britain akutiuza kuti kumeneko zofanana nazo amazitcha equity release, ndipo zimayambira pa zaka 55. Makampani amene ali m'bungwe la Equity Release Council amafuna kuti mwini nyumba aonane ndi loya wakewake asanasaine. Maiko awiri osiyana anafika pa nzeru imodzi: pa nkhani ya nyumba ya munthu wachikulire, mawu a wobwereketsa okha sakwanira.

Mwina wina akuti, za ku America zikutikhudza bwanji ife a ku Chipata, ku Ulongwe, ku Mbare kapena ku Ndirande? N'zoona kuti ambiri a ife palibe banki imene idzatibweretsere ngongole yotembenuka. Koma kusandutsa nyumba kukhala ndalama ya m'manja kuli pakati pathu kale, ndipo kuno kumachitika popanda mlangizi aliyense.

Ku South Africa kunali kampani yotchedwa Brusson Finance, imene inkalonjeza ngongole kwa eni nyumba amene mabanki anawakana. Anthu ankasaina mapepala akuganiza kuti akuika nyumba pa chikole, osadziwa kuti akusaina zogulitsa nyumbayo kwa munthu amene sanamuonepo. Munthuyo ankakatenga ngongole ku banki pa nyumba yomweyo, ndipo akasiya kubweza, banki inkabwera kudzagulitsa nyumba eni ake ali momwemo. Mu 2010 khoti lalikulu la ku Bloemfontein linagamula kuti njirayi ndi yosemphana ndi malamulo. Mu 2016 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linasiya nyumba m'manja mwa banja lina la ku Vereeniging limene linapusitsidwa chomwecho. Maloya a Legal Resources Centre anamenyera nkhondo ambiri mwa anthuwa. Ena nyumba zinabwerera, koma patapita zaka za kukhoti, za mantha ndi za kusagona. Ola limodzi lokhala pansi ndi munthu wowerenga pepala mokweza likanapulumutsa zaka zonsezo.

Ndipo njira yomweyo ndi imene akatapila amagwiritsa ntchito, kaya kwanu mumati kaloba, chimbadzo kapena mashonisa. Amakupatsa ndalama, n'kukusainitsa kalata yogulitsa, n'kunena kuti ndi mwambo chabe, mudzaing'amba mukadzabweza.

Apa ndi pamene tiyenera kuulula cholakwa chathu. Chaka chatha mayi wina wa m'gulu lathu limodzi, wamasiye, anapempha ngongole yaikulu chifukwa mwana wake anali m'chipatala. Gulu linakana, ndipo linatsata lamulo, pakuti anapempha zoposa katatu ya masheya ake. Nkhani itafika kwa ife a komiti, tinavomereza kuti gulu lachita bwino. Palibe mmodzi mwa ife amene anafunsa kuti, nanga mayiwa achoka pano apita kuti? Anapita kwa katapila ndi kalata ya puloti yake. Anasaina pepala la Chingerezi limene sanalimve. Ife tinadzamva katundu ali kale panja. Mayi ameneyu anamanga nyumbayo ndi masheya a m'bokosi lathu lomweli, ife tikumuombera m'manja pa kugawana kulikonse. Lero akuchita lendi chipinda chimodzi, ndipo nkhani yake ili kwa maloya. Bokosi tinaliteteza ndi maloko atatu, koma mnzathu tinamusiya pa mtetete.

Muone mmene zimathamangira. Tiyerekeze K500,000 pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse pa mwezi, chosabwezedwa n'kumaphatikizidwa pa ngongole. Pakatha miyezi 6 yafika pafupifupi K1,500,000. Pakatha miyezi 12 yadutsa K4,400,000. Zimene ku America zimatenga zaka 20, kuno sizitenga ngakhale chaka chimodzi.

N'chifukwa chake tabwera ndi pempho, kuti nthumwi mukalitule m'magulu anu ndipo tidzalivomereze kapena kulikonza pa msonkhano waukulu ukubwerawu. Nzeru yake si yachilendo kwa ife. Mtsikana salowa m'banja popanda ankhoswe. Nanga bwanji nyumba, imene tinaivutikira zaka zambiri, izipita pa chikole popanda ankhoswe? Tikupempha kuti dera lililonse likhale ndi ankhoswe a nyumba, ndipo ntchito yawo iyende motere.

Choyamba, membala aliyense amene akuganiza zoika nyumba, puloti kapena munda pa chikole, kaya ku banki, ku kampani ya ngongole kapena kwa munthu, ayambe wakhala pansi ndi amayi awiri amene sapindula kanthu pa nkhaniyo. Asakhale achibale a wobwereketsa, ndipo asalandire ngakhale ya fanta. Tikupempha kuti azichokera ku gulu loyandikana nalo, osati gulu la mwini nkhani, chifukwa ifenso tisadzinamize, chiwongoladzanja chimatikomera pa tsiku logawana.

Chachiwiri, onse amene nyumbayo ikuwasunga akhalepo. Ngati ndi bambo akufuna ngongole, mayi akhalepo. Ngati ndi mayi, bambo akhalepo, pamodzi ndi ana akuluakulu amene angapezeke, ngakhale pa foni. Tisadikire maliro kuti tidziwe kuti dzina la ndani lili pa pepala.

Chachitatu, pepala liwerengedwe mokweza, mzere ndi mzere, ndi kumasuliridwa m'chiyankhulo chimene mwini nyumba amalotera. Ankhoswe afufuze mawu amodzi: kugulitsa. Pa Chingerezi alemba sale, pa Chipwitikizi alemba venda. Mawu amenewa akapezeka pa pepala limene akuti ndi la ngongole, cholembera chibwerere m'chikwama. Akamaliza kuwerenga, mwini nyumba anene yekha ndi pakamwa pake mayankho a mafunso asanu: ndilandira zingati m'manja, ndibweza zingati zonse pamodzi, tsiku lomaliza ndi liti, ndikachedwa mwezi umodzi chichitike n'chiyani, ndipo ndikamwalira ana anga atsala pati. Akalephera kuyankha, asadzudzulidwe. Akhalenso pansi mawa.

Chachinayi, ankhoswe ayale njira zina zonse nyumba isanakhudzidwe: thumba la zadzidzidzi, thandizo la magulu ena a mu mgwirizano, kuchititsa lendi chipinda chimodzi, kugulitsa mbuzi kapena katundu wa pa geni, kuuza ana amene ali kunja. Nthawi zina kugulitsa chinthu wekha pa mtengo wabwino kumaposa kuchitaya pa chikole pa mtengo wa nkhuku.

Chachisanu, padutse masiku 7 munthu asanasaine. Ku California lamulo limafuna masiku 7 pakati pa uphungu ndi kulemba fomu ya ngongole yotembenuka, ndipo ife taona kuti ndi nzeru. M'masiku amenewo, ngati pali chikalata cha umwini, pepala lionetsedwe kwa odziwa malamulo. M'maiko athu muli maofesi a boma othandiza anthu osowa ndalama ya loya: Legal Aid Bureau ku Malawi, Legal Aid Board ku Zambia, IPAJ ku Mozambique, Legal Aid Directorate ku Zimbabwe ndi Legal Aid South Africa. Wobwereketsa amene akukana kukupatsani pepala kuti mupite nalo kunyumba wakuuzani kale zonse zimene muyenera kudziwa za iye.

Tikudziwa zimene zikuyenda m'mitima mwanu, chifukwa ifenso tinakangana nazo m'komiti. Wina anati, matenda sadikira masiku 7. N'zoona. N'chifukwa chake tikupemphanso kuti gulu likakana ngongole ya matenda kapena ya maliro, mlembi adziwitse ankhoswe tsiku lomwelo, ndipo thumba la zadzidzidzi litseguke kaye pamene njira zina zikufunidwa. Tisamanene ayi n'kutembenuka. Tizinena kuti, izi sitingathe, koma tiyeni tione limodzi kumene mungapite.

Wina anati, nyumba ndi yanga, gulu likulowererapo chiyani? Nyumba ndi yanu ndithu, ndipo mawu omaliza ndi anu. Ankhoswe alibe mphamvu yoletsa. Mukamva zonse n'kuona kuti ngongoleyo ikuthandizani, kasaineni mutu uli m'mwamba. Pali amayi pakati pathu amene anakulitsa bizinesi ndi ngongole ya ku banki ya chikole cha nyumba, anabweza, ndipo nyumba ili m'manja mwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankadziwa chimene akusaina.

Ndipo wina ananena chimene ambiri timachibisa: manyazi. Munthu amaopa kuti mavuto ake amveka pa chitsime ndi pa WhatsApp. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma nafenso tivomereze kuti pakamwa pathu ndi pamene pamathawitsa anzathu kupita kwa katapila usiku. Choncho nkhoswe amene adzatulutse nkhani ya mnzake achotsedwe pa udindo, ndipo alipire chindapusa monga wophwanya lamulo lina lililonse la gulu. Posankha ankhoswe musayang'ane wolemera kapena wodziwa kuyankhula. Yang'anani wodziwa kuwerengera ndi wosunga pakamwa.

Mayi athu a ku America aja anatiuza kuti anatuluka kwa mlangizi opanda tambala, koma usiku umenewo anagona tulo. Mayi athu wamasiye uja watilola kunena nkhani yake pano, ndipo pempho lake ndi limodzi, kuti zisachitikirenso wina. Ali nafe m'chipinda chino, ndipo masheya ake akuponyabe.

Mukabwerera kwanu, pa msonkhano woyamba wa gulu, bokosi lisanatsegulidwe, werengani mfundo zisanuzi ndipo musankhe maina awiri.